Kudya ndi Kugona pa Pub ya Kumudzi ku Wensleydale

Lachisanu

Tanyamuka ku Leeds, mzinda wa kumpoto kwa England, dzuwa litapendeka, ine ndi mayi a kunyumba, kulowera kumpoto chakumadzulo kudzera m'matauni a Skipton ndi Settle. Anthu ambiri amene amabwera m'dera lino la Yorkshire Dales amadzera kukwera mapiri, koma ife tadzera kugona ndi kudya pa imodzi mwa nyumba zakale za kumidzi zimene Angerezi amazitcha pub, makamaka zija zimene pansi pamakhala podyera ndi pomwera, pamwamba n'kukhala zipinda zingapo zogona alendo. Dera limeneli boma linaliika m'gulu la malo otetezedwa mu 1954, ndipo tasankha mwezi wa Okutobala chifukwa khwimbi la alendo a nyengo yotentha limakhala litabwerera kwawo, motero munthu amatha kuona mmene mudzi umakhalira eni ake akatsala okha.

Titadutsa Horton-in-Ribblesdale tinaima pang'ono kuti tione mlatho wa sitima wa Ribblehead, umene unamangidwa ndi miyala m'zaka za m'ma 1870, wotalika mamita 400 ndipo uli ndi makomo okhota 24. Kuchokera pamenepo msewu umakwera m'chipululu cha udzu chopanda mitengo, kenako n'kutsetserekera ku Hawes, m'chigwa cha Wensleydale. Paliponse pamene diso lafika pali mipanda ya miyala yosanjidwa popanda simenti, ndipo nkhosa zimayenda momasuka mpaka mumsewu, kotero woyendetsa galimoto ayenera kufatsa. Nkhosazi ndazitchula dala, chifukwa chakudya cha m'dera lino ndiponso nkhani zimene anthu amakamba madzulo zimayambira pa izo.

Pub imene tafikira ili m'kamudzi kena kufupi ndi Hawes, moyandikana ndi tchalitchi ndi kamlatho ka miyala. Makoma ake ndi a miyala yotuwa, ochindikala kwambiri, ndipo khomo lake n'lalifupi moti munthu wamtali ayenera kuwerama polowa. Panja palendewera chikwangwani chojambulidwa chithunzi, mwambo umene unakhazikika kalekale: mu 1393 mfumu Richard II inalamula kuti aliyense wogulitsa mowa aziika chizindikiro panja pa nyumba yake kuti oyendera ubwino wa mowa azimupeza mosavuta, ndipo popeza anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, chithunzi chinkathandiza kuposa malemba. M'kati mulibe ofesi yolandirira alendo monga ku hotela. Tinapita pa kauntala pomwe amathirira mowa, ndipo mayi amene amayendetsa malowa pamodzi ndi amuna awo anatsegula buku, natipatsa kiyi, n'kutifunsa nthawi yomweyo ngati tidye pompano, chifukwa khitchini imatseka 8:30 usiku ndipo m'mudzi muno mulibe kwina kogula chakudya. Chipinda chathu chili pamwamba penipeni pa malo omwera. Pansi pake ndi matabwa akale amene amalira munthu akaponda, zenera ndi laling'ono, koma bedi ndi labwino, madzi otentha alipo, ndipo atiikira ketulo, tiyi ndi mabisiketi.

Ndikudziwa kuti owerenga ambiri akamva za malo omwera mowa amaganiza za phokoso ndi ndewu, malo amene munthu wodzilemekeza sangapiteko ndi akazi ake kapena ana. Pub ya kumudzi kuno ndi yosiyana kwambiri, ndipo chimene ndingaiyerekeze nacho ndi bwalo la pamudzi kwathu, pamene aliyense ali ndi ufulu wokhala ndipo nkhani za mudzi zimakambidwa. Titatsika tinapeza moto wa nkhuni ndi malasha ukuyaka, alimi atatsamira kauntala ndi nsapato zawo za kumunda, anthu oyenda m'mapiri akuumitsa majekete, agalu atagona pansi pa matebulo, ndi banja lina likudyetsa mwana wamng'ono. Munalibe nyimbo kapena wailesi ya kanema, ndipo munalibenso utsi wa fodya, popeza kusuta m'malo otere kunaletsedwa ku England kuyambira pa 1 Julayi 2007. Mayi a kunyumba samwa mowa, ndipo atapempha tiyi palibe amene anadabwa.

M'chipinda chomwerachi palibe amene amabwera pa tebulo kudzafunsa chimene mukufuna. Munthu amawerenga zakudya za tsikulo zimene zalembedwa ndi choko pa bolodi lakuda, n'kupita yekha pa kauntala kukaitanitsa ndi kutchula tebulo limene wakhala. Pa kauntalapo anthu saima pamzere, komabe wothira mowa amadziwa amene anayamba kufika, ndipo n'chamanyazi kudzipanikiza patsogolo pa anzako. Mitengo ya pa bolodi inali pakati pa mapaundi 15 ndi 25 pa mbale, ndalama zosachepa kwa munthu wolandira malipiro wamba. Ine ndinasankha steak and ale pie, imene ndi nyama ya ng'ombe yophikidwa nthawi yaitali mu mowa wakuda ndi anyezi mpaka kufewa, n'kukutidwa mbali zonse ndi ufa wa tirigu wokanda ndi mafuta, kenako kuwotchedwa mu uvuni. Mowawo sumvekanso ngati mowa, umangosiya msuzi wokhuthala wowawira pang'ono. Ma pub ena amachita chidule, amathira nyama m'mbale n'kuvundikira kachikuto pamwamba pokha, koma pano chikutocho chinazungulira nyama yonse ndipo cham'munsi chinali chitamwa msuzi. Mayi a kunyumba anadya nsomba ya haddock yokazinga ndi tchipisi ndi nsawawa zophwanya. Itatsala pang'ono kukwana 11 koloko belu linalira kudziwitsa anthu kuti agule komaliza, ndipo pasanapite nthawi nyumba yonse inali zii.

Loweruka

Chakudya cha m'mawa chimaphatikizidwa pa mtengo wa chipinda, ndipo n'chochuluka: mazira, masoseji, nyama ya nkhumba yodula mopyapyala, bowa, matimati owotcha, nyemba, buledi wowotcha ndi black pudding, imene imapangidwa ndi magazi a nkhumba, mafuta ndi mbewu monga oats kapena balere. Amene sadya nkhumba kapena magazi ayenera kunena usiku wake, ndipo amamukonzera zina popanda vuto. Tinadyera m'chipinda chomwe chija cha dzulo, koma m'mawa chimaoneka china, phulusa likuchotsedwa pamoto ndipo pansi pakukolopedwa.

Tinapita ku Hawes kukaona fakitale ya tchizi cha Wensleydale, chifukwa dzina limeneli lili paliponse pa bolodi la pub yathu. Luso lopanga tchizichi linabwera ndi amonke a gulu la Cistercian ochokera ku France m'zaka za m'ma 1100, amene anakhazikika ku Jervaulx kumunsi kwa chigwachi, ndipo poyamba ankagwiritsa ntchito mkaka wa nkhosa. Nyumba za amonke zitatsekedwa m'nthawi ya mfumu Henry VIII, akazi a alimi ndiwo anasunga lusolo m'makhitchini mwawo. Mu 1897 Edward Chapman anayamba kugula mkaka kwa alimi n'kumapanga tchizi chogulitsa ku Hawes. Mu 1935 ntchitoyo itatsala pang'ono kugwa, Kit Calvert anasonkhanitsa alimi anzake n'kuipulumutsa, ndipo mu 1992 kampani imene inali mwini wake itatseka fakitaleyi, ena mwa akuluakulu ogwira ntchito pamenepo anaigula n'kuitsegulanso chaka chomwecho. Kuyambira 2013 dzina lakuti Yorkshire Wensleydale ndi lotetezedwa ndi lamulo, kotero tchizi chopangidwa kwina sichingalitenge. Tchizi chake n'choyera, chimafumbutuka m'manja, ndipo chimawawasa pang'ono. Anthu a kuno amachidya ndi keke ya zipatso zouma, ndipo ngakhale poyamba zimadabwitsa kuona mchere ndi shuga pa mbale imodzi, nditalawa ndinavomereza kuti akudziwa chimene akuchita.

Masana tinayenda pansi kupita ku Hardraw kukaona mathithi amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 30 osagunda mwala. Mathithiwa ali kuseri kwa pub yotchedwa Green Dragon, ndipo kwa zaka zambiri njira yopitira kumeneko inkadutsa m'kati mwa pub momwemo.

Chimene chandikhalira mumtima lero n'chimene ndinaona madzulo, anthu asanachuluke. Ndinafunsa bambo a pa pub yathu chifukwa chake mowa wawo sukhala wozizira kwambiri ngati wa m'botolo, ndipo m'malo moyankha ndi pakamwa pokha ananditengera kuchipinda chapansi. Kumeneko kuli migolo yogonekedwa pa mashelefu, ndipo mgolo umene amagwiritsa ntchito kwambiri umalowa mapainti 72, painti imodzi kukhala mamililita 568. Mowa wa mtundu umenewu, umene amautcha cask ale, umachoka kofululira usanamalize kupsa ndipo yisiti amakhala akugwirabe ntchito m'kati. Mgolo ukafika amaugoneka kuti nsenga zikhale pansi, amauboola pamwamba kuti mpweya wochuluka utuluke, n'kudikira mpaka mowa utayera. Chipindacho chiyenera kukhala pa madigiri 11 mpaka 13, ndipo mgolo akangoyamba kuugulitsa uyenera kutha m'masiku atatu kapena anayi, apo ayi mowa umasasa. Palibe mpweya wa m'silinda umene umaukankha. Wothira amakoka chogwirira chachitali cha pa kauntala ndi dzanja, ndipo kuno kumpoto amaika kachipangizo ka mabowo kumapeto kwa mpope kuti pamwamba pa tambula pakhale thovu lokhuthala. Bambowo anati: "Ofulula amachita theka la ntchito, theka linalo ndi langa. Ndikanyalanyaza chipinda chino sabata imodzi, alimi aja sabweranso." Mowa wa mtunduwu unatsala pang'ono kuzimirira pamene makampani aakulu anayamba kukonda mowa wosavuta kusunga, ndipo n'chifukwa chake mu 1971 kunakhazikitsidwa bungwe la CAMRA loumenyera nkhondo. Pa kauntala pathu pali mowa wa makampani awiri a ku Masham, tauni ya kumunsi kwa chigwa chomwechi: Theakston, imene inayamba mu 1827, ndi Black Sheep, imene Paul Theakston wa banja lomwelo anayambitsa mu 1992.

Usiku ndinadya phewa la mwana wa nkhosa lowotchedwa pang'onopang'ono kwa maola ambiri, moti nyama inkachoka pa fupa ndi foloko yokha, pamodzi ndi mbatatesi yophwanya, kabichi wofiira ndi msuzi wa masamba a minti ndi viniga, umene umadula kunona kwa nyamayo. Titamaliza, mkulu wina wa tsitsi loyera amene ankasewera madomino ndi anzake anatikodola kuti tisendere pafupi ndi moto. M'chipinda chonsecho anthu akuda tinali ife tokha, ndipo funso loyamba limene anatifunsa atamva kuti kwathu ndi ku Malawi linali lakuti: "Nanga kwanuko, bambo, anthu amaweta chiyani?" Ndinawauza za mbuzi ndi ng'ombe, ndipo iwo anandifotokozera za nkhosa zawo za mtundu wa Swaledale, za nkhope yakuda, mphuno yoyera ndi nyanga zopota, zimene zimadya pa mapiri opanda mpanda koma sizisochera, chifukwa nkhosa iliyonse imaphunzira kwa make dera limene gulu lake limadya. Anawonjezera kuti mu 2001, pamene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anabuka ndipo ziweto mamiliyoni zinaphedwa m'dziko lino, chimene alimi ankaopa kwambiri chinali kutaya magulu otere, chifukwa nkhosa zogula kwina sizidziwa phiri. Atandigulira painti ndinadziwa kuti nanenso ndiyenera kugulira tebulo lonse ikafika nthawi yanga, pakuti umo ndi mmene amachitira kuno, ndipo kuchoka usanabweze kumaonedwa ngati kupanda khalidwe.

Lamulungu

M'mawa tinakapemphera, ndipo ena mwa anthu amene tinawaona m'tchalitchi ndi omwewo amene tinawapeza atakhala kale pa matebulo 12 koloko itangokwana. Lamulungu masana ndi nthawi yaikulu ya sabata pa pub ya kumudzi. Mayi a pa pub anatichenjeza Lachisanu lomwe kuti tisungitse tebulo, ndipo ananena zoona, chifukwa anthu angapo amene anangofika osasungitsa anabwezedwa mwaulemu.

Bolodi la masiku onse linafufutidwa, ndipo panangotsala nyama yowotcha ya mitundu itatu, ya ng'ombe, ya nkhosa ndi ya nkhuku, ndi chakudya chimodzi cha osadya nyama. Ine ndinatenga ya ng'ombe, imene amaidula mopyapyala ikadali yofiirira pakati. Amene sakonda nyama yotero angapemphe chakumapeto, chimene chimakhala chopsa bwino, ndipo mayi a kunyumba anachita zomwezo. Pa mbale panali mbatatesi yowotcha m'mafuta a nyama, yolimba kunja koma yofewa m'kati, ndipo kaloti, kabichi ndi kolifulawa wothira tchizi zinabwera m'mbale zapadera kuti tizigawana. Pambali panali horseradish, muzu woyera wopala umene ukali wake umakwera m'mphuno osati pa lilime. Pamwamba pa zonse panali Yorkshire pudding, imene dzina lake lingasocheretse munthu kuganiza kuti n'chotsekemera. Amasakaniza ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka kukhala phala lamadzimadzi, n'kulithira m'zitini momwe muli mafuta a ng'ombe otentha mpaka kufuka utsi. Mu uvuni phalalo limatupa n'kukhala ngati kambale kokhala ndi dzenje pakati, m'mene amathiramo msuzi. Mafuta akapanda kutentha mokwanira, kapena wophika akatsegula uvuni msanga, sichitupa. Kale m'mabanja a ku Yorkshire chinkaperekedwa choyamba, chokha ndi msuzi, kuti anthu akhute pang'ono nyama isanabwere, chifukwa nyama inali yodula ndipo inkayenera kutsalako ya mawa. Ndikaganizira mbiri imeneyi ndimachilemekeza kwambiri chakudyachi, pakuti chinabadwa m'nzeru za amayi amene ankadyetsa banja lalikulu ndi zochepa.

Pomaliza tinagawana sticky toffee pudding, keke yofewa ya zipatso za kanjedza yothiridwa msuzi wotentha wa shuga ndi batala, ndi maapozi ophika okutidwa ndi ufa wofumbutuka, othira kasitadi. Pa tebulo loyandikana nafe panali mibadwo inayi ya banja limodzi, kuyambira gogo wa pa njinga ya olumala mpaka khanda, ndipo palibe amene ankawafulumizitsa kuti achoke.

Chakumadzulo anthu atachepa, mayi a pa pub anakhala nafe kumwa tiyi, ndipo ndinawafunsa mmene bizinesi ikuyendera. Anandiuza mosabisa kuti mowa wokha sungasunge nyumba ngati imeneyi masiku ano. Magetsi, mafuta otenthetsera nyumba ndi malipiro a antchito zakwera, nyumba zambiri za m'mudzi zinagulidwa ndi anthu a m'mizinda amene amabwera pa tchuthi pokha, ndipo achinyamata amene akanagwira ntchito m'khitchini amasowa pokhala n'kusamukira kutali. Chimene chimalipira ngongole ndi zipinda zam'mwamba ndi chakudya. "Inu alendo ndi amene mumachititsa kuti moto uja uziyaka mu Januwale, pamene muno mumakhala alimi asanu okha," anatero mayiwo.

Mawu amenewa andipatsa maganizo. Ndaonapo ma pub ena a kumidzi amene pofuna ndalama za alendo anachotsa mipando yonse ya omwa, n'kuyala nsalu zoyera pa tebulo lililonse, kotero kuti mlimi wobwera ndi nsapato zamatope amadziona kuti walowa polakwika. Chakudya cha malo otero chimatha kukhala chapamwamba, koma mudzi umakhala utalandidwa nyumba yake. Pano achita mwanzeru. Chipinda chakumbuyo anachisandutsa chodyera, koma cha kutsogolo, chimene chili ndi moto, matebulo ake awiri sasungitsa kwa wina aliyense ngakhale pa Lamulungu, ndipo ndi a anthu a m'mudzi amene angobwera kudzamwa ndi kucheza. Mayiwo akudziwa kuti akutaya ndalama pa matebulo amenewo, koma ine monga mlendo ndikuona kuti matebulo awiriwo ndi amene andichititsa kubwera kuno m'malo mopita ku lesitilanti ya mu Leeds.

Lolemba

Lero tinawoloka phiri kupita m'chigwa cha Swaledale kudzera pa msewu wa Buttertubs, umene opalasa njinga a mpikisano wa Tour de France anakwera mu 2014. Pamwamba pake, m'mphepete mwa msewu, pali maenje akuya a m'miyala ya laimu, ndipo anthu amasimba kuti alimi opita ku msika wa ku Hawes ankatsitsiramo batala wawo kuti asasungunuke tsiku lotentha. Kutsidya kwake, cha ku Thwaite ndi ku Keld, pafupifupi munda uliwonse uli ndi kanyumba kake ka miyala, m'mene kale ankasungiramo udzu wouma ndi ng'ombe m'nyengo yozizira.

Kuchokera ku Keld msewu wopapatiza umakwera mpaka ku Tan Hill Inn, pub imene ili pamalo okwera kuposa ina iliyonse mu Britain, mamita 528 kuchokera pa nyanja yamchere. Yaima yokhayokha pakati pa chipululu, popanda nyumba ina pafupi, ndipo munthu angadabwe kuti inamangidwiranji kumeneko. Yankho lake ndi malasha. Nyumbayi ndi ya m'zaka za m'ma 1600, ndipo inkatumikira anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha imene inali mozungulira. Mgodi womaliza unatsekedwa mu 1929, nyumba za anthu a m'migodi zinagumulidwa, koma pub inatsala chifukwa cha alimi ndi apaulendo. Lero njira ya oyenda pansi ya Pennine Way, imene inatsegulidwa mu 1965 ndipo ndi yotalika makilomita oposa 400, imadutsa pakhomo pake penipeni, ndipo kumapeto kwa Meyi chaka chilichonse alimi amachitira pamenepa chionetsero cha nkhosa za Swaledale. Mu Novembala 2021 namondwe wotchedwa Arwen anatseka misewu ndi chipale chofewa, ndipo anthu pafupifupi 60 anatsekeredwa m'nyumbayi mausiku atatu, ambiri akugona pansi m'chipinda chomwera. Ife tinafika mphepo ikuwomba mwamphamvu moti chitseko cha galimoto chinali chovuta kutsegula. Tinamwa supu yotentha ndi buledi pafupi ndi moto, pakati pa anthu oyenda pansi amene anali atanyowa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo pamalo ngati amenewa munthu amamvetsa kuti ntchito yoyamba ya nyumba zimenezi inali kupulumutsa wapaulendo ku mphepo ndi njala.

Titabwerera ku pub yathu khitchini inali yotseka, chifukwa Lolemba ndi tsiku limene wophika amapuma. Zimenezi anatiuza pofika, ndipo n'zofala m'midzi ya kuno, kotero wokonza ulendo ayenera kufunsiratu. Ogona pamalopa satisiya ndi njala: mayi aja anatikonzera mbale yozizira imene amaitcha ploughman's, ya tchizi cha Wensleydale, nyama yozizira, buledi, batala, anyezi wa mu viniga, apozi ndi chatine. Tinadyera pafupi ndi moto, ndipo popeza kunalibe alendo ambiri, bambo aja anatuluka kuseri kwa kauntala n'kudzakhala nafe.

Anatisimbira za mudzi wa Hudswell, kufupi ndi Richmond, kumene pub yokhayo ya m'mudzimo, George and Dragon, inatsekedwa mu 2008. Anthu a m'mudzimo anapanga kopaletivi, nasonkha ndalama pogula masheya, n'kugula nyumbayo, ndipo inatsegulidwanso mu 2010 monga pub yoyamba mu Yorkshire kukhala ya anthu a m'mudzi. Anaikamo kagolosale ndi kalaibulale, kuseri n'kugawa timinda ta ndiwo zamasamba, ndipo bungwe la CAMRA linaisankha kukhala pub yopambana m'dziko lonse ya chaka cha 2016. Bambowo anati iwo ndi akazi awo akadzakalamba angakonde kuti nyumba yawo idzapite m'manja otero kusiyana ndi kugulidwa ndi munthu amene adzaisandutse nyumba yogona yekha.

Lachiwiri

Lachiwiri ndi tsiku la msika ku Hawes, ndipo tinaganiza zodzera kumeneko tisanabwerere. Polipira, ndinatsatira mwambo wa kuno wouza wothira mowa kuti adzitengerenso chakumwa chimodzi pa bilu yathu, imene ndi njira yothokozera pa kauntala, ndipo ya atsikana operekera zakudya tinaika m'botolo limene lili pamenepo. Bilu ya masiku amenewa ndi yolemera, ndipo banja limene likufuna kuyesa koma ndalama n'zochepa lingachite bwino kubwera Loweruka, kugona usiku umodzi, n'kudya chakudya cha Lamulungu masana, chifukwa pamenepo lidzaona mbali zonse ziwiri, usiku wa anthu a m'mudzi ndi masana a mabanja. Chipinda ndi tebulo ziyenera kusungitsidwa pamodzi, ndipo ndi bwino kuimba foni osati kudalira intaneti yokha, chifukwa pa foni m'pamene amakuuzani za tsiku limene khitchini imatseka, za masitepe opapatiza kwa amene ali ndi vuto la miyendo, ndiponso za chipinda chimene chili kutali ndi phokoso la pansi.

Ku Hawes tinapita kaye ku okushoni ya ziweto kumapeto kwa tauni. Nkhosa zimalowetsedwa m'kabwalo kozungulira m'magulumagulu, wogulitsa amatchula mitengo mofulumira kwambiri, ndipo ogula amangogwedeza mutu kapena kutukula chala. Zambiri mwa nkhosa zimene zimagulitsidwa pano m'miyezi ino ndi ana aakazi obadwa kwa nkhosa ya Swaledale ndi yamphongo ya Bluefaced Leicester, amene alimi a m'madera otsika amawagula kuti akabereke ana a nyama, ndipo mu Okutobala mumakhalanso malonda a nkhosa zamphongo za Swaledale. Mkulu uja wa madomino tinamuona atatsamira chitsulo cha bwalolo ndi ndodo yake, ndipo anatikwezera dzanja. Pa msika wa mumsewu tinagula tchizi, keke ya zipatso ndi phewa la nkhosa kwa wogulitsa nyama, amene anauza mayi a kunyumba kuti aliwotche pa moto wochepa kwa maola anayi, atalivundikira, ndipo alivundukule chakumapeto kuti khungu liume. Pobwerera tadzera njira ya kum'mawa, kutsata mtsinje wa Ure kudutsa Aysgarth, Leyburn ndi mabwinja a Jervaulx mpaka ku Masham, ndipo kuchokera kumeneko tinalowera ku Ripon n'kufika ku Leeds kusanade.